Kachidole Kamene Sikanasweke

Kabati inagwa nthawi ya nkhomaliro, ndipo inagwera mwini wake.

Pamene Silke Lehnert, wapolisi wofufuza milandu mumzinda wa Dresden, amakwera masitepe a nyumbayo, mtembo wa Bambo Eberhard Drechsel unali utanyamulidwa kale. M'chipinda chochezera munatsala chigawo chapamwamba cha kabati chitagona chafufumimba pakapeti, mapale oyera ali mbwee mpaka kunsi kwa mipando. Apa mutu wa kavalo, apo chogwirira cha kapu, uko mwendo wa munthu woimba zeze. Chigawo chapansi, cha zitseko zamatabwa, chinali chiimire kukhoma ngati palibe chachitika.

"Ngozi iyi, Silke," anatero mnzake wa pantchito, Jochen Rentzsch, atatsamira chitseko. "Nkhalamba yokhala yokha, maso ovuta, kabati yolemera ngati ng'ombe. Yakoka chitseko, kabati n'kubwera nayo. Tiye tizipita mvula isanakule."

"Ukafuna pita."

Silke anali atangosiya kusuta fodya, ndipo thupi lake silinkalola kuima malo amodzi. Anazungulira kabatiyo, kubwerera, kusuzumira pazenera, kubwereranso. Kenako anaima pakhoma, pamene chigawo chogwacho chinkatsamira. Panali mabowo awiri.

"Apa panali chitsulo chogwira kabati. Chili kuti?"

"Chazuka pogwapo."

"Chitsulo chozuka chimapita ndi pulasitala. Mabowo awa ali bwinobwino. Wina wachita kumasula."

"Mwina mwini wake, kalekale."

Silke anawerama n'kupititsa chala m'mphepete mwa khoma. Chinabwera ndi fumbi loyera, latsopano. Anamuonetsa Jochen, Jochen n'kupumira m'mwamba ngati munthu amene nkhomaliro yake yamuthawa akuiona.

Nthawi yomweyo kumasitepe kunamveka mkangano. Mawu a mayi wachikulire, akuthwa ngati lumo, ankauza wapolisi wa pakhomo kuti iwo anachita kuitanidwa ndipo sabwerera. Posakhalitsa anatulukira, ndodo m'manja, chipewa chili nonono ndi mvula.

"Ndine Irmtraud Kaden. Ndili ndi sitolo ya zinthu zamakedzana kutsidya kwa mlatho. Bambo Drechsel anandiimbira kuti ndibwere masana ano ndidzaone zadothi zawo, ndiwauze zaka zake ndi mtengo wake. Akuti afa?"

"Afa, mayi."

Mayi Kaden anayang'ana pansi. Nkhope yawo inagwa, koma Silke sanathe kudziwa ngati akulira munthu kapena mbale. Anapatsira Jochen ndodo ngati ndi wantchito wawo, nagwada pakapeti pang'onopang'ono. Anatola phale limodzi, kulitembenuza, kuliika padiso ndi kagalasi kokulitsira. Anatola lachiwiri. Lachitatu. Manja awo anayamba kufulumira.

"Bwerani kuno, mtsikana. Mukuona malupanga awiri opingasanawa, a buluu? Ndicho chizindikiro cha dothi la ku Meissen. Malupanga enieni amajambulidwa dothi lisanakutidwe ndi chonyezimirachi, ndiye amakhala kunsi kwake, ngati nsomba pansi pa madzi oundana. Chala sichiwamva. Tagwirani awa."

Silke anapititsa chikhadabo. Chinakodwa pa kamzere.

"Ali pamwamba."

"Ali pamwamba. Awanso. Awanso awa." Mayi Kaden anaponya phalelo pakapeti. "Zojambulazo ndi za mmisiri, sindikana. Koma dothi lake ndi ladzulodzuloli. Ine zadothi za banja limeneli ndinaziona mayi wa m'nyumba muno ali moyo, ndipo zinali zenizeni, moti usiku wake sindinagone ndi nsanje. Izi zaswekazi si zimenezo. Palibe ngakhale chimodzi."

*

Woyandikana nawo wa kunsi, Mayi Traudel Pietzsch, anatsegula chitseko Silke asanagogode.

"Ndinakumvani mukutsika. Denga limeneli ndi pepala, mwana wanga. Bambo Drechsel akatsokomola, ine ndimamwa mankhwala."

"Ndiye kabati munaimva."

"Kuimva! Ndinali nditangotereka mbatata. Phwaaa! Nyale yanga kugwedezeka, galu wa kutsidya kuyamba kuuwa. Ndinati bomba. Ndinathamangira kumwamba ndi kiyi amene anandisungitsa, ndiye ndi zimenezo." Anapukuta maso ndi epuloni. "Munthu wabwino, ngakhale amakoka mipando usiku."

"Munaona wina akutsika?"

"Ayi. Masitepe amenewa amalira ngati ngolo. Palibe anakwera, palibe anatsika. Anali okha."

Silke anagwira m'thumba, kufuna fodya amene munalibe. Ngati munalibe munthu m'nyumbamo, ndiye kuti Jochen akhoza kukhala kuti akunena zoona. Koma mabowo aja?

"Nanga m'mawa?"

"M'mawa kunabwera mwana wawo, Annegret. Anakangana. Osati kuti ndinkamvetsera, komatu amakuwa. 'Mudzafera m'nyumba muno ndi mbale zanuzo!' Ndi mawu ake amenewo, ndalumbira. Kenako chitseko gwaa, ulendo."

"Dzulo?"

"Dzulo masana kunali mnzawo wa ku Meissen uja, Bambo Uhlig, wokonza zadothi zosweka. Amabwera kawirikawiri kudzamwa khofi. Waulemu, amavula chipewa ngakhale kwa ine. Bambo Drechsel anatsika kukagula keke pakona, ndinakumana nawo pakhomo. Anandiuza kuti, 'Mayi Pietzsch, simunandiuze kuti muli ndi imvi!' Mwamva? Munthu angomupala ng'ala, n'kuyamba mwano."

"Anawapala ng'ala?"

"Mwezi wathawu, diso limodzi. Kwa zaka zonsezi ankangoyenda ndi kupapasa. Tsopano ankaona mpaka fumbi pamasitepe."

"Pamene anapita kukagula keke, mlendo anatsala yekha kumwamba?"

"Nanga akanapita naye? Anatsala. Ndipo sanakhale pansi. Ankangoyendayenda pamwamba pa mutu wangawu, cha kuchipinda chochezera."

*

Annegret Drechsel anafika atavalabe chovala choyera cha kusitolo ya mankhwala kumene ankagwira ntchito. Anakana mpando. Anaima m'khichini mwa bambo ake atapinda manja, maso ali gwa.

"Inde ndinanena. Ndinati adzafera muno. Mukufuna ndikane?"

"Ndikufuna mundiuze chimene munakanganirana."

"Masitepe. Zaka makumi asanu ndi atatu, nyumba ya pamwamba, safuna kusamuka. Ndinawapezera ya pansi pafupi ndi ine. Akuti kabati singalowe. Moyo wanga wonse ndakhala ndikupikisana ndi kabati imeneyo."

"Nthawi ya nkhomaliro munali kuti?"

"Kuntchito. Funsani aliyense."

"Kiyi wa nyumba ino muli naye?"

"Ndili naye."

"Mukudziwa kuti zadothi zaswekazo ndi zabodza?"

Annegret anamuyang'ana kwa nthawi, kenako anaseka kuseka kopanda chimwemwe.

"Ndiye ankanena zoona. Atangochotsa bandeji anandiuza kuti, 'Annegret, buluu wake si ameneyu. Kuyera kwake si kumeneku.' Ine ndinati ndi diso latsopanolo, muzolowera. Ndimadziwa chiyani ine? Mutandipatsa kapu ya m'kabatimo ndi ya kumsika, sindingasiyanitse. Ndili mwana sankandilola n'komwe kuyandikira."

"Ndani ankaloledwa?"

"Kutsegula? Iwo okha. Amati aliyense ali ndi manja a nkhuni, kupatula amalume Volkmar."

"Amalume anu?"

"Si amalume enieni. Bambo Uhlig. Anakulira limodzi ndi bambo, ndiye ndimangoti amalume. Maso a bambo atayamba kuvuta, iwo ndi amene ankatenga chimodzichimodzi kukachitsuka, kapena kukamata pamene pabenthuka. Ulere. Ngakhale kabatiyo, tikusamukira muno, anaikweza ndi iwo." Manja ake anamasuka. "Ayi. Amalume Volkmar ayi. Ananyamula nawo bokosi la amayi."

Silke anatsegula kabati ya mbale za m'khichini n'kuitsekanso, popanda chimene amafuna.

"Bambo anu anawauza Bambo Uhlig kuti aitana Mayi Kaden?"

"Ankawauza chilichonse." Apa mawu a Annegret anasweka koyamba. "Ndikupempheni chinthu chimodzi. Munali kachidole ka mtsikana wodyetsa nkhuku. Kanali ka amayi. Bambo ankakatulutsa pafupipafupi, kukagwiragwira, chifukwa kuona sankaona. Kameneko sankalola kuti katuluke m'nyumba, ngakhale kukatsukidwa. Ngati mwapeza mapale ake, musataye."

Silke asanayankhe, Jochen anasuzumira pakhomo. Ulesi uja unali utamuthera pankhope.

"Silke, tabwera. Gogo uja wapeza china."

*

Mayi Kaden anali atatsegula zitseko za chigawo chapansi, mutu wawo uli m'kati, pakati pa nsalu za patebulo zopindidwa bwino.

"Kabati iyi ndi ya m'ma 1820," anatero osatembenuka. "Onani magalasi akewo, ali ndi timafunde, ndi ochita kuuzira pakamwa. Kabati zotere zimakhala ziwiri zosanjikiza. Chimene chimazigwirizanitsa ndi zikhomo ziwiri zamtengo, zolowera kunsi kuno. Munthu wosadziwa sangazione. Mabowo ake ndi awa. Zikhomo palibe."

"Ndiye chitsulo cha kukhoma palibe, zikhomo palibe," anatero Silke.

"Ndipo pansi pa nyumba ino ndi potsetsereka, ndodo yanga yandiuza. Zitseko zagalasizo ndi zolemera, zimalimbanso nyengo ya mvula. Mukoke mwamphamvu, zitseguke zonse ziwiri, basi. Chigawo chonse chikutsatirani."

Silke anayang'ananso mabowo aja. Mayi Pietzsch sananame. Palibe anakwera, palibe anatsika. Panalibe chifukwa choti wina akhalepo.

"Komatu si chimene ndakuitanirani," anapitiriza Mayi Kaden. Anatulutsa kamtolo kuseri kwa nsalu zija, n'kukaika pamwendo. Kanali kokulungidwa m'kansalu kopukutira pakamwa. Anamasula ngodya imodzi, ina, inanso.

Mtsikana wodyetsa nkhuku anatulukira, wamfupi ngati chikhatho, dengu m'chiuno, dzanja limodzi litatambasuka kumwaza chakudya. Sanabenthuke paliponse. Pakati pa tizala take panali thonje. M'khosi thonje. Kunsi kwa mchira wa tambala thonje.

Mayi Kaden anakatembenuza ndi ulemu umene sanaonetse munthu aliyense m'nyumbamo.

"Gwirani malupanga awa."

Chala cha Silke chinangotsetsereka.

"Mwaona? Ndipo pakati pa zigwiriro zake pali kadontho. Kadontho kameneko ndi ka zaka za m'ma 1760. Aka ndi kenikeni. Kokhaka mtengo wake ungapose katundu yense wa m'nyumba muno."

"Mwina Bambo Drechsel anakabisa okha," anatero Jochen.

"Munthu wabisa chinthu chimene waitanira ine kudzachiona? Ganizani musanalankhule, bambo. Komanso kukulunga uku ndi kwa anthu a ntchito yathu, chala ndi chala." Ananunkhiza thonjelo n'kulipereka kwa Silke. "Ndipo ili lakhala m'thumba la munthu wojambula. Ndi fungo la mafuta osungunulira utoto."

Silke anali atavala kale jekete.

*

Msewu wa ku Meissen umatsata mtsinje wa Elbe, ndipo tsikulo mtsinjewo unali wotuwa ngati thambo. Silke anayendetsa yekha, akutafuna chivindikiro cha cholembera. Jochen anagwiritsa chitseko njira yonse.

Malo ogwirira ntchito a Bambo Volkmar Uhlig anali m'kanjira kokwera kuphiri. Atangolowa, fungo lija linawalandira. Amayi angapo ankavala majasi awo, akutsanzika mokweza. Patebulo lalitali panali mbale zojambulidwa theka ndi timaburashi m'mabotolo. Pakona ng'anjo yamagetsi inkang'ung'udza.

Bambo Uhlig anali aatali, owonda, amanja oyera osanjenjemera. Anadikira amayi aja atuluke asanalankhule.

"Ndamva kale. Mayi Pietzsch anandiimbira. Eberhard, Eberhard." Anapukusa mutu. "Tinayambira limodzi sukulu. Ndinamuuza kangati kuti kabati imeneyo ndi yoopsa kwa munthu wa msinkhu wake?"

"Lero munali kuti, bambo?"

"Muno, kuyambira m'mawa. Lachinayi ndimaphunzitsa kujambula maluwa. Amayi mwakumana nawowo sanandisiye ngakhale pa nkhomaliro, anabweretsa msuzi wawo. Ndikupatseni maina?"

"Musavutike. Ndikukhulupirira kuti munali muno."

Bambowo anaphethira. Anali atakonzeka kukangana pa mfundo imeneyo, ndipo kuvomera kwa Silke kunawasowetsa pogwira. Anatenga kabulashi n'kuyamba kukapukuta.

"Dzulo munali kwawo."

"Kukamwa khofi, monga mwa nthawi zonse."

"Anakuuzani kuti lero kubwera Mayi Kaden?"

"Mwina anatchula. Sindikumbuka bwino."

Silke ankayenda m'mbali mwa tebulo, kugwira ichi, kusiya, kugwira icho. Kumapeto kwake kunali kachidole ka mbusa kodikira mwini wake, kokulungidwa theka. Thonje pakati pa zala. Thonje m'khosi. Anadutsa osaima.

"Zonse zasweka," anatero. "Palibe chapulumuka."

"Zachisoni. Zachisoni kwambiri." Kabulashi kanapitiriza kuzungulira m'kansalu.

"Mwana wawo akulira kwambiri. Chigawo chapamwamba pogwa chinakoka chapansi, nacho n'kugubuduka. Zitseko kuphwasuka, zam'kati zonse kuphwanyika. Nsalu tazitola pakati pa matabwa."

Kabulashi kanaima.

"Chapansinso?"

"Chapansinso. Bwanji? Munali nsalu zokhazokha."

Magazi anawathawa Bambo Uhlig kumaso. Nkhani ya imfa ya mnzawo anailandira ataima njo, koma tsopano dzanja lawo linafufuza mphepete mwa tebulo.

"Sichingagwe chapansi," ananong'ona. "Palibe chochikoka. Zikhomo zinali..."

Analekeza pomwepo. M'chipindamo munangotsala kung'ung'udza kwa ng'anjo.

"Zinali zitachotsedwa," Silke anawamalizira. "Ndanama, bambo. Chapansi sichinagwe. Mtsikana wa nkhuku ali bwinobwino, monga munamusiyira."

Bambowo anatseka maso. Mpumulo umene unaoneka pankhope pawo unamuzizira Silke mpaka m'mafupa.

Jochen anali atafika kale pa katani ya kumbuyo. Anaikoka. Kuseri kwake kunali kachipinda kopanda zenera, mashelefu kuchokera pansi mpaka kudenga, nyale zazing'ono zikuwalitsa. Akavalo, oimba zeze, makapu a milomo yagolide, mbale za maluwa a buluu, zonse zitayalidwa mwa dongosolo, popanda ndi kafumbi komwe. Pakati panali mpando umodzi.

"Sindinagulitse ngakhale chimodzi," anatero Bambo Uhlig mofulumira. "Muwerenge. Zonse zilipo. Iye sankaziona! Mukumvetsa? Zinthu ngati zimenezi zili mumdima, kutsogolo kwa munthu wakhungu, zaka ndi zaka. Ine ndinamupangira zofanana nazo, ankazigwira n'kumasangalala. Analuza chiyani? Ndani akanadziwa kuti adzamupala diso pa ukalamba umenewu?"

"Ndiye Mayi Kaden akanabwera, akanatembenuza kapu imodzi yokha n'kuzindikira kuti ndi yabodza," anatero Silke.

"Ndimangofuna zisweke. Mapale amasesedwa, amatayidwa, nkhani n'kutha. Sindinafune kuti afe. Ndalumbira, sindinafune."

"Ndani amatsegula kabati imeneyo, Bambo Uhlig?"

Bambowo anayang'ana pansi.

"Ndikufunsa. Mwana wawo?"

"Ayi."

"Mayi Pietzsch?"

"Ayi."

"Ndani?"

"Iye yekha."

"Ndiye pamene mumamasula chitsulo chija, mnzanu ali pamzere kukugulirani keke, mumaganiza kuti pansi pa kabatiyo padzaima ndani?"

"Ndimati adzathawa. Ndimati idzapendekera kaye, adzaona..." Mawu awo anazilala. "Nthawi inali yochepa. Sindinaganize bwino."

"Nthawi yoika thonje pakati pa zala za kachidole munaipeza."

Bambo Uhlig anadzutsa mutu. Kwa kanthawi anaoneka ngati mphunzitsi amene wafunsidwa funso lachibwana.

"Mayi, simukumvetsa. Kameneko kakanasweka, kulibe kena kofanana nako padziko lonse lapansi."

Silke, amene tsiku lonse sanaime malo amodzi, anaima. Anangodikira kuti bambowo amve okha zimene anena.

Anazimva. Kabulashi kanagwa pansi. Anayang'ana kachipinda kowala kaja, kuyang'ana Jochen, kuyang'ana chitseko, ngati akufuna wina woti awatsutse. Kenako anakhala pansi penipeni, pasimenti, ataphimba nkhope.

"Eberhard," anatero, ndipo ulendo uno silinali dzina lonenera apolisi.

Jochen anapita pakona n'kuzimitsa ng'anjo. Silke anatenga jasi la bambowo pamsomali, naima nalo pambali pawo mpaka atatha kudzuka.